Mafuta Akuda M'diso la Kasupe

Chuma chikakupeza iwe usadachiitane, usathamangire kuvina. Yamba wasuzumira kumbuyo kwake, pakuti kawirikawiri kumakhala munthu akuchikankha.

Chidali chaka chachiwiri cha matipate, nthawi ija aliyense adali atatsegula pakamwa, wina kulonjeza milatho ngakhale popanda mtsinje. Mwezi wa Ogasiti uli kumapeto, Faines Nambewe, mayi wamasiye wa kuseri kwa Malomo, adatsikira ku dimba kwake ndi mtsuko m'manja. Adapeza madzi a pa kasupe atavala utawaleza. Pamwamba pake pakuyandama zinthu zakuda bii, zonona, zonunkha ngati pa siteji ya minibasi.

Sadatunge. Madzi akasintha nkhope, wanzeru satunga.

Dimba limenelo ndilo lidali moyo wake. Adamusiyira ndi mayi ake, ndipo mpiru, tomato ndi chimanga chachiwisi cha mmenemo ndizo zinkalera zidzukulu zake zamasiye. Kasupe wake sadaumepo, ngakhale chaka chija cha chilala pamene mitsinje idasanduka misewu.

Dzuwa lisadafike pamutu, Mose adali atafika kale. Mose adali mlongo wake wa Faines, wamkulu, mwinimbumba, munthu wolankhula motsitsa ngati wopepesa maliro.

"Mlongo wanga, tapsa," adatero akuyang'ana madziwo. "Awa ndi mafuta a pansi, omwe aja akuwanena pa wailesi kuti ali pansi pa nyanja. Boma likangomva, kubwera zigalimoto ndi waya waminga. Waiwala mmene adatichotsera kutsidya kuja polowa esiteti? Tidachoka ndi mphasa zokha."

Faines sadaiwale.

"Ndiye titani, alongo?"

"A Godwin, amanijala a ku esiteti, ndi munthu wachisoni. Akuti dimbali liperekedwe kwa iwo, bomalo alimbane nalo okha. Iwe akupatsa munda kumtunda."

"Kumtunda kuli miyala yokhayokha. Madzi ndikawapeza kuti?"

"Miyala iposa kugona panja. Loweruka lino ndiyenda nawo m'malire."

Apa ndiye padali poopsa. Kwathu kuno mwinimbumba akayenda m'malire ndi mlendo, anthu akuona, n'kumanga mfundo pa udzu wa m'ngodya, munda wapita. Ulire, ugubuduke, mfundoyo simasulidwa.

* * *

Mwayi wake, sabata imeneyo m'mudzi mudali Edina.

Edina adali mwana wa malemu Rakele, mnansi wa Faines. Adaphunzira mpaka kukathera ku za miyala, ndipo ankagwira ntchito ku Zomba. Adabwera kudzamanga chiliza cha mayi ake. Mtsikana wamfupi, wamaso osathamanga, wovala thalauzi ndi nsapato zachimuna, m'chiuno atakoleka kanyundo kosongoka ngati mlomo wa mbalame. Koma polonjera akulu ankagwada mpaka pansi, thalauzi lomwelo. Maphunziro adamulowa m'mutu osamutupitsa mapewa.

Atamva nkhaniyo sadaseke, sadadzidzimukenso. Adangoti, "Tiyeni tikaone, agogo."

Pa kasupe adanyowetsa chala m'madzi akudawo, nanunkhiza, napekesa ndi chala chinzake. Kenaka adatola mwala m'mbali mwa dimba, nauswa ndi kanyundo kaja. M'kati mwake mudali ng'ani-ng'ani ngati mchere.

"Kodi a pa wailesi aja akunama?" adafunsa Faines. "Za mafuta a pansi pa nyanja?"

"Sakunama zonse ayi. Mukukumbukira chivomezi chija cha ku Salima?"

"Ndingaiwale ine? Nkhokwe yanga idagwada ngati ikupemphera."

Edina adatola chibuma cha dothi louma la m'dambo, chophwatalala, nachigwira uku ndi uku. Adakoka pang'onopang'ono. Chidang'aluka mizere iwiri, kachidutswa ka pakati n'kutsetserekera pansi.

"Dziko lathu lino likukokedwa chonchi, agogo. Lidayamba kale, kusadabadwe munthu, ndipo likupitirirabe, mochedwa kuposa mmene chikulira chikhadabo. Pakati padatitimira, mudalowa madzi, ndiyo nyanja ija mumaiona mukakwera phiri. Ife kuno tili pa phewa. Mng'alu ukatsetsereka pang'ono, ndiye chivomezi."

"Iwe wazionera kuti zimenezi? Usamangonena, mwana iwe, pansi pali eni ake."

"Ndidakwerapo sitima yoyeza. Inkakoka chingwe chachitali kumbuyo, n'kumagunda m'madzi kuti phuu! Mawu aja akapita pansi amabwerako, monga muchitira mukafuula kuphanga. Pobwera amatiuza zimene akumana nazo. Pansi pa nyanja si mbale imodzi ayi. Ndi makhwawa angapo ondondozana, lina lapendekera kuno, lina lapendekera kutsidya, lililonse ndi mng'alu wake. M'makhwawamo mwadzaza matope amene Bua ndi anzake akhala akuthiramo chiyambire, ozama kuposa kutalika kwa phiri la Ntchisi."

Faines adagwira pakamwa. "Mumagogoda pansi pa nyanja? Simumaopa kudzutsa zogona?"

"Timagogoda mwaulemu," adatero Edina akumwetulira. "Tsono mafuta amabadwa m'matope ngati amenewo. Tizilombo ndi ndere zikafa zimakwiririka, pamwamba n'kusanjikana matope ena, kutentha kwa pansi n'kumaziphika pang'onopang'ono. Pafunikanso mwala wina wovundikira kuti asathawe. Kaya m'nyanjamo alimo, kaya mulibe, palibe amene wabowola n'kuona. Amene akuuzeni kuti akudziwa, ameneyo akufuna voti."

"Nanga kuno?"

Edina adamupatsa mwala woswa uja. "Mwala uwu udapsa kalekale, ngati mbiya yowotcha. Mudaonapo mbiya yotuluka pamoto ili ndi mafuta m'thupi mwake? Akadakhalamo akadapserera. Mapiri ano mukumbe mpaka mutulukire kwa azungu, simupeza dontho."

Atatero adanyamuka kulunjika pamene madzi amatumphukira, pansi pa mtengo wa katope, kanyundo kali m'manja. Faines adamugwira dzanja mwamphamvu.

"Chitsulo ayi! Pa diso la kasupe sipafika chitsulo, ngakhale mphika wamwaye. Akangochimva, amatseka diso, osadzatsegulanso. Adatero amayi."

Wina wophunzira akadaseka. Edina adamasula kanyundo, nakaika patali pa udzu, nathyola kamtengo. Ndi kamtengoko adafukula m'mphepete mwa madzi. Pamwamba dothi lidali lakuda. Atazamitsa pang'ono lidatuluka loyera mbee. Adayesa pena, chimodzimodzi. Penanso, chimodzimodzi.

"Mukuona, agogo? Chochokera pansi chimada kwambiri ukamazamitsa. Ichi chada pamwamba pokha." Adapukuta zala pa udzu. "Uyu ndi oyilo wakutha wa mu injini. Sadatumphuke ayi. Wabwera ndi miyendo."

* * *

Injini yapafupi idali ya chigayo cha Reinford pa Malomo. Reinford adali bambo wa mimba yake, nsidze zoyera ndi ufa, makutu atagontha ndi phokoso la chigayo chake chomwe, choncho chilichonse ankachinena mofuula ngati ali pa msonkhano.

"Mwati chiyani? Mgaiwa? Mzere uli uko!" Kenaka adamuona bwino Edina. "Eee! Zinthu zasinthadi! Mwana wa Rakele m'thalauzi! Ndiye ine ndivale chitenje?"

"Valani, bambo, mwina ogayitsa achuluka," adayankha Edina.

Amayi a pamzere adaseka mpaka wina kutaya lichero. Reinford adaseka kuposa onse, nazimitsa injini.

"Oyilo wakutha mumataya kuti?" adafunsa Edina.

"Kutaya? Ine sinditaya kanthu, ngakhale madeya! Ali mu mgolo kuseriku."

Adawatsogolera kuseri. Mgolo udali pamenepo, pakhoma pakulendewera fanulo yachitsulo pa msomali.

"Amatunga ndani?"

"Isake, tenanti wa ku esiteti. Mlomwe uja wa ku Phalombe. Amapaka mitengo ya zigafa kuti chiswe chisadye. Amabwera ndi chitini chake, amapempha bwinobwino, amathokoza kawiri. Anthu akumwera ulemu adauyamwira!"

"Wina aliponso?"

"Wopempha palibe. Koma wakuba alipo!" Reinford adamenya mgolowo ndi chikhatho. "Isake adadzanditsanzika kuti akuperekeza mabelo a fodya ku Kanengo. Tsiku limenelo mgolo uwu udali tololo, ndidali nditangosintha oyilo. Ine n'kupita ku maliro ku Bowe. Pobwerako ndapeza watsika chikhatho chathunthu, Isake asadabwerenso. Ndipo wakubayo ndi chitsiru, ndikuuzeni!"

"Chifukwa?"

"Fanulo iyi ili apa, yabwinobwino, ya ku Lilongwe. Iye kuisiya, kukathyola tsamba la nthochi, kulipinda ngati mwana wogula mtedza! Onani, sindidalitaye, ndimaonetsa anthu."

Adalitola pa zinyalala. Tsamba lofota, lakuda ndi oyilo, lopindidwa mosongoka, lobayidwa ndi munga kuti lisamasuke. Edina adalitembenuza kangapo.

"Munthu wakuba amafulumira," adatero motsitsa. "Uyu adali ndi nthawi yokathyola tsamba ndi kufuna munga, fanulo ili pamphuno pake. Ankaiopa chiyani?"

Faines adaliyang'anitsitsa tsambalo. Kenaka adatembenuka, nalunjika njira ya ku esiteti.

* * *

Edina ndi Faines adamupeza Isake kuseri kwa zigafa za esiteti, akupaka mitengo ndi chisanza chomanga ku ndodo. Adali munthu wowonda, manja akuda mpaka m'zigongono. Atangoona thalauzi ndi kanyundo adagwetsa ndodo, kuyesa kuti boma lafika.

"Ine sindidalakwe kanthu, mayi. Oyiloyu ngopatsidwa. Kafunseni a chigayo."

"Tachokera komweko, achimwene. Khalani pansi mtima. Ku Kanengo mudapita liti?"

"Kumayambiriro kwa mwezi uno, mayi. Tidagona pa mzere wa malole mpaka nsabwe kutidziwa maina. Ndabwera dzana ili. Adalaivala alipo, anganene. Ine ndinkagona pamwamba pa mabelo kuti anyamata a mu tauni asasolole."

"Za mafuta a pa kasupe wa agogowa mwamva?"

Isake adayang'ana ku ofesi, nayang'ana pansi. "Ife ndife alendo, mayi. Mlendo ndi mame. Tikalankhula, mawa katundu ali pamsewu."

"Sitikufunsani dzina la munthu," adatero Edina, nakhala pa mtengo wosapaka ngati wabwera kudzacheza. "Tiuzeni za ntchito yanu basi. Nazale ya fodya mufesa liti?"

"Mwezi wamawa."

"Madzi ake? Damu lija ndaliona pobwera, mwatsala matope okha."

"Eetu, lidaphwa. Koma abwana adati tisadandaule, chaka chino nazale tikafesa kutsidya, ku dimba la kasupe." Adadzigwira pakamwa, koma mawu adali atatuluka kale.

"Adakuuzani liti zimenezo?"

Isake adatsitsa mawu. "Tisadapite ku Kanengo."

Faines adawerengera mumtima. Pamene Isake ankakwera lole, madzi ake adali oyera ngati maso a mwana. Ndiye kuti dimba lake lidagawidwa kale mafuta asadaoneke.

"Adawalonjeza ndani abwana anuwo?" adafunsa.

"Agogo, maso a mlendo amaona pansi pokha." Isake adatola ndodo yake, nayamba kupaka mtengo wopaka kale. Ali chipakire adanong'ona, "Koma amene amamwa tiyi ndi abwana mu ofesimo, si wa kwathu ku Phalombe ayi."

* * *

Lachisanu masana adabwerera ku kasupe awiriwiri. Edina adati oyilo wongothira kamodzi akadatha kale ndi madzi oyenda. Popeza ankatulukabe tsiku ndi tsiku, ndiye kuti gwero lake lidali pomwepo, lobisika.

Adavula nsapato, napinda thalauzi. Wotchi yake yomwe adaivula n'kuisiya pa udzu, Faines asadamuuze n'komwe. Adalondola kuda kuja mobwerera, kufukula ndi kamtengo, kuyang'ana, kusuntha, monga mlenje alondola magazi a nyama yolasidwa. Mzere wakuda udawatsogolera mpaka pa mizu ya katope, chakumtunda pang'ono kwa diso.

"Apa dothi ndi lofewa. Pakumbidwa posachedwa, ndipo si ndi khasu. Onani, m'mbali mulibe mkwasa wa chitsulo. Adakumba ndi mtengo, ngati ife."

Adapisa manja onse awiri m'matope, nagwira chinthu, nachizula pang'onopang'ono.

Chidali chipanda. Chatsopano, chosamwerapo mowa, kukamwa kotseka ndi chitsononkho. M'khosi mwake mudali timabowo ting'onoting'ono. Madzi ankalowa, oyilo n'kumatuluka dontho limodzilimodzi.

"Nzeru zake n'zabwino, mtima wake ndiwo woipa," adatero Edina. "Koma ndithandizeni, agogo, pakuti apa miyala yanga yandithera. Zitini zili mbwee pa Malomo. Chitini sichisweka, sichivuta kuboola. Munthu uyu wakana chitini, wakana fanulo, wakana khasu. N'chifukwa chiyani?"

Faines adakhala pansi pamatope pomwepo, chitenje chake chabwino osachikumbukira.

"Ankafuna kundiopseza ine," adatero, "koma kasupe sankafuna kumupha. Ankamuopa."

"Mwambo wa chitsulowu amaudziwa ndani?"

"A m'mudzi amangodziwa kuti pa diso safikapo, amatunga kumunsi. Chifukwa chake amayi adauza ana awo okha. Tidali anayi. Awiri ali kumanda."

Misozi idayamba kutsika m'masaya mwa Faines. Edina adatsuka manja, nakhala pambali pa mayiyo mpaka misoziyo idatha. Samalani, inu amene mumatseka chitseko poopa akunja. Njoka yoluma kwambiri ndi imene idakulira m'nkhuni za pakhomo.

"Chipanda sichilankhula," adatero Edina pambuyo pake. "Akhoza kukana, n'kuloza Isake. Ine mawa ndinena za miyala ndi za dothi, zimene ndaziona. Bodza sindinena, agogo, ngakhale lothandiza."

"Usanene, mwanawe. Pakamwa pako pakhale poyera." Faines adakulunga chipandacho m'chitenje chakale. "Bodzalo ndisenza ndine."

* * *

Loweruka anthu adadzaza m'mbali mwa dimba. Adabwera amayi otunga madzi, madoda a m'mudzi, ngakhale Reinford adatseka chigayo kuti asamvere kwa ena. Godwin adafika pa njinga yamoto, malaya oyera, magalasi akuda. Adatenganso Isake kuti amunyamulire zikhomo.

Mose adayamba ndi mawu ake otsitsa aja, kufotokoza za waya waminga ndi za chisoni cha amanijala. Asadafike pa ngodya yoyamba, Edina adagwada.

"Zikomo akuluakulu. Ndine mwana, koma ndiloleni."

Adalankhula osakweza mawu, ndipo anthu adachita kusendera kuti amve. Adang'alula chibuma, naonetsa mmene pakati padatitimirira. Adanena za makhwawa a pansi pa nyanja ndi matope ake. Adayendetsa mwala woswa uja m'manja mwa madoda, aliyense n'kuutembenuza ngati akuudziwa. Kenaka adafukula dothi pamaso pawo, lakuda pamwamba, loyera pansi.

"Boma silibwera kuno," adamaliza. "Likafuna mafuta likayang'ana kunyanja. Uyu ndi oyilo wa chigayo."

"Wanga ameneyo!" adafuula Reinford. "Ndimamudziwa fungo!"

Anthu adachita phokoso. Mose sadagwedezeke. Adatembenuka pang'onopang'ono, naloza Isake.

"Ndiye wathira ndi uyo. Onani manja ake. Anthu obwera awa sadziwa kulemekeza malo a eni."

"Isake adali ku Kanengo pamene mgolo unkatsika," adatero Edina. "A Reinford ndi adalaivala ndi mboni."

"Kaya ndi iye, kaya ndi wina," adatero Mose, "madziwa aonongeka basi. Mlongo wanga sangamwe, sangathirire ndiwo. Amanijala ali ndi mankhwala otsukira. Tiyeni tipitirize."

Adawerama kuti agwire udzu wa pa ngodya. Apa m'pamene Faines adaimirira. Chibadwire adali asadatsutsepo mlongo wake pagulu.

"Mangani mfundoyo, alongo. Apatseni. Kasupeyu wafa kale."

Mose adaima chiweramire. "Ukuti chiyani?"

"Dzulo tafukula pa mizu ya katope. Tapeza chimene adabisamo oyilo. Chitini, alongo. Chitini chadzimbiri, chokwiriridwa pa diso penipeni." Adatembenukira kwa anthu. "Inu simudziwa chifukwa chimene amayi ankakuletserani kufika pa diso. Kasupe uyu akamva chitsulo amatseka. Mwezi uno usadathe pano pakhala fumbi. Ndipo amene waika chitsulocho, akakumane nawo amayi kumene aliko, akawauze yekha."

Amayi otunga madzi adayamba kulira. "Mayo ine, tikatunga kuti?"

Godwin adavula magalasi, nayang'ana Mose. "A Mbewe, izi ndiye ziti? Ine ndimafuna madzi a nazale. Kasupe wouma ndilibe naye ntchito. Ngati zili choncho, za malata ndidakulonjezani zija muiwale."

"Sauma, bwana!" Mawu otsitsa aja adathawa, Mose adachita kukuwa. "Akunama uyu! Ine ndingaike chitsulo pa kasupe wa amayi? Ndine wamisala? Chidali chipanda, chatsopano, ngakhale pobowola ndidabowola ndi munga!"

Mawuwo adamveka dimba lonse. Ngakhale Reinford adamva.

Faines adamasula chitenje chakale chija, naika chipandacho pansi pakati pa bwalo. Oyilo adayamba kuchucha m'timabowo, kutsikira pa udzu umene Mose ankafuna kumanga.

"N'chimenechi, alongo?"

Mose adayang'ana chipanda, nayang'ana anthu, pakamwa pali yasa. Godwin adavalanso magalasi ake, nati iye za zipanda sakuzidziwa, adangouzidwa kuti pali dimba losowa mwini. Adaliza njinga yake osatsanzika. Isake adatsala ataima ndi zikhomo m'manja, kenaka adaziika pansi mwaulemu, nazisiya pomwepo.

"Ku polisi!" adafuula wina. "Apite pa Malomo ameneyu!"

"Oyilo wanganso akafotokoze!" adawonjeza Reinford.

Onse adayang'ana Faines. Iye adayang'ana mlongo wake, nkhalamba ya imvi, imene idamubereka kumsana ali khanda. Adayang'ananso madzi.

"Edina, mwanawe, madziwa angayerenso?"

"Angayere, agogo. Kasupe ndi wamoyo, amachokera m'ming'alu ya mwala, oyilo sadafikeko. Koma dothi lonse lakuda lichoke, kuyambira pa katope mpaka kumunsi, likatayidwe kutali ndi dambo. Ndi ntchito ya masabata. Ndi khasu ikadachepa."

"Khasu silifika pano," adatero Faines. "Ndipo apolisi sadzanditsukira kasupe." Adatenga dengu limene adabwera nalo, naliponya pa mapazi a Mose. "Mudakumba ndi manja poika. Mukumbanso ndi manja pochotsa. Za m'malire a dimba lino, kuyambira lero pakamwa panu palibe."

Madoda adayang'anana, koma palibe adatsutsa. Mose adavula jekete lake la ku tchalitchi, nalipachika pa katope. Adagwada m'matope, napisa manja.

Anthu adabalalika pang'onopang'ono, ena akutsatira Edina ndi miyala m'manja kuti awauze maina ake. Iye ankaima pa uliwonse, kuuswa, kuuyang'ana, kuyankha ngati wafunsidwa ndi nduna.

Faines sadapite nawo. Adayala chitenje pa chulu, pamalo poonekera bwino, nakhala miyendo ili tambalale.

"Pita kunyumba, mlongo wanga," adatero Mose osadzutsa mutu. "Ndichotsa lonse. Sindithawa."

"Ndikudziwa kuti simuthawa," adayankha Faines. "Apo mwasiyapo pakuda. Kumanzere kwanuko."